Khomo la Sukulu ya Atsikana ku Livingstone

Mzinda wa Livingstone unali likulu la Boma la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, koma ulemu umenewo sunapindulire mwana wamkazi wa ku Maramba. Sukulu zabwino zinali za ana a Azungu. Ngakhale pamene Boma linatsegula Munali ku Lusaka mu 1939, linatsegulira anyamata okha.

Atsikana anadikira kufikira 1946, pamene a mpingo wa Methodist anayamba Form I pa Chipembi. Tsono taganizani, inu owerenga. Mtsikana wa ku Livingstone wakhoza mayeso a Standard VI, koma malo ndi owerengeka. Akasankhidwa, akwere sitima mamailosi oposa 300, kupitirira Lusaka, kukagonera komweko. Atate ace apeze ndalama za sukulu, za ulendo ndi za zofunda, pamene mlongo wace afunanso zomwezo. Anatsala pakhomo ndani? Amai ena anakana dala, poopa kuti namwali akapita kutali adzabwerako ndi pakati, ndipo sitingawanene kuti anali mbuli. Pofika 1964, caka ca ufulu, anthu akuda amene anali ndi School Certificate anali ngati 1,200 m'dziko lonse, akazi mwa iwo ocepa ndithu.

Cifukwa cace sukulu ya St. Mary's ku Maramba, imene asisitere a Katolika anatsegulira atsikana, inali cinthu cacikulu. Mayeso olowera anakhalabe olimba, ndipo ambiri anabwerera pakhomo. Koma wosankhidwayo anaphunzira m'mzinda wa kwao, make alikumuona.