Mphamvu ya procurador yopititsa mlandu kubwalo ku Mozambique

Mphamvu yopititsa mlandu kubwalo ndi ulamuliro umene woimira boma pa milandu ali nawo woimba munthu mlandu ndi kumutengera kokazengedwa, popanda woweruza wina kuyamba wapima umboni. Ku Mozambique mphamvuyi ili m'manja mwa bungwe la Ministério Público, ndipo wogwira ntchitoyi amatchedwa procurador. Malamulo ake ndi amodzi dziko lonse, ngakhale m'boma lakumalire ngati Chifunde m'chigawo cha Tete.

Mbiri

Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975 linapitiriza kugwiritsa ntchito malamulo a kazengedwe ka milandu a Apwitikizi a 1929. Pa milandu ikuluikulu, procurador akamaliza kufufuza, woweruza ankayenera kuuonanso mlanduwo ndi kulemba chigamulo chovomereza kuti ukazengedwe. Lamulo nambala 25/2019 la pa 26 Disembala 2019, lomwe linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2020, linasintha dongosololi.

Mmene mlandu umayendera

Gawo loyamba ndi kafukufuku, wotchedwa instrução. Amamutsogolera ndi procurador mothandizidwa ndi apolisi ofufuza a SERNIC, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2017 m'malo mwa apolisi ofufuza akale a PIC. Umboni ukachepa, mlandu umatsekedwa. Ukakwana, procurador amalemba chikalata choimba mlandu, chotchula zimene munthuyo akuganiziridwa kuti anachita, lamulo limene anaphwanya ndi mboni zake.

Pakati pa chikalatachi ndi bwalo pali gawo la audiência preliminar, pamene woweruza woyang'anira kafukufuku amapima ngati umboni ndi wokwanira. Gawoli silokakamiza. Limachitika pokhapokha woimbidwa mlandu akalipempha, kapena wolakwiridwa amene walowa mumlandumo mwalamulo akatsutsa ganizo loutseka. Pempholi lili ndi masiku ake owerengeka. Masikuwo akadutsa popanda wopempha, mlandu umalunjika kubwalo.

Palinso njira yachidule yotchedwa processo sumário, ya munthu wogwidwa ali mkati mopalamula mlandu umene chilango chake sichiposa zaka 5 m'ndende. Apa procurador amamupereka msanga kwa woweruza, ndipo gawo lapakati lija silikhalapo.

Malire a mphamvuyi

Procurador amaimba mlandu koma sagamula. Woweruza wolandira mlandu angathe kukana chikalata chooneka poyera kuti chilibe maziko. Womangidwa ayenera kuonekera kwa woweruza pasanathe maola 48. Mu 2013, bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, Conselho Constitucional, linagamula kuti woweruza yekha ndiye angalamule kuti munthu amene sanagwidwe akupalamula amangidwe podikira mlandu. Kale a procurador ndi akuluakulu a polisi analinso ndi mphamvu imeneyi. Ndiponso pali milandu ina imene procurador sangaiyambe wolakwiridwa asanadandaule.

Ku Chifunde

Boma la Chifunde lili kumpoto kwa chigawo cha Tete, ndipo chipata chake cha Cassacatiza chimayang'anizana ndi cha Chanida ku Zambia. Anthu ambiri kumeneko amalankhula Chichewa, pamene zikalata za milandu zimalembedwa m'Chipwitikizi. Milandu yazilango zikuluzikulu imakazengedwa kubwalo lachigawo mumzinda wa Tete. Mikangano ing'onoing'ono imathera kwa mafumu kapena m'mabwalo a m'midzi okhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92, omwe alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende.

Popeza kupima umboni kumadalira pempho, ufulu wopemphawu umapindulira amene wamva zolembedwa m'chikalata ndi kupeza womuimira nthawi isanathe. Kwa wopanda ndalama ya loya, ntchito imeneyi ndi ya IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwaulere.

Ku Malawi ndi ku Zambia

Maiko awiriwa anatengera malamulo a ku England. Milandu ikuluikulu monga yakupha imazengedwa ku High Court, ndipo mwa dongosolo lakale majisitireti amayamba wamva mboni kuti aone ngati mlandu ulipodi. Komabe mkulu woimira boma pa milandu, DPP, akhoza kulemba chikalata chakuti mlanduwo upite ku High Court popanda gawo limeneli, ndipo majisitireti amangoutumiza.

Kusiyana kwake ndi kwakuti ku Malawi ndi ku Zambia woimira boma ndiye amasankha kudumpha gawolo, pamene ku Mozambique gawolo limangochitika likapemphedwa.

Maganizo osiyana

Oikira kumbuyo mphamvuyi amati imachepetsa nthawi imene anthu amakhala m'ndende podikira mlandu, komanso mboni sizivutika kuyenda mtunda wautali kawiri kukanena zomwezo. Otsutsa amati mlandu wofooka ungafike kubwalo munthu atataya kale ntchito, nyengo yolima ndi mbiri yake, ndipo kupezeka wosalakwa sikumubwezera zimenezi.