Kufufuta

Kufufuta ndi kupukuta cholembedwa mpaka chisaonekenso, monga achitira mphunzitsi pa bolodi. Mmisiri wa zikopa nayenso amafufuta, kutanthauza kufewetsa chikopa.

Pa kompyuta mawuwa amasocheretsa. Mukafufuta fayilo, kompyuta imangochotsa dzina lake pa mndandanda n'kulemba kuti malowo ndi opanda kanthu, koma zimene munasungazo zimakhala zikadali pa hard drive. N'chifukwa chake amisiri amatha kuzibweza, nthawi zina ngakhale diski itagwa kapena kunyowa. Kufufuta kwenikweni kumachitika china chikalembedwa pamwamba pake. Apo ndiye palibenso chobweza.

Mu Ogasiti 2012, vairasi ya Shamoon inachita zimenezi pa makompyuta pafupifupi 30,000 a kampani ya mafuta ya Saudi Aramco. Pasanathe milungu iwiri, makompyuta a m'maofesi a RasGas, kampani ya gasi yomwe inali ku Doha, nawonso anagwidwa ndi vairasi.

Choncho inu amene zithunzi za ana kapena makalata a ntchito asowa pa kompyuta, musasungenso chilichonse pa diskiyo, kuopa kulemba pamwamba pake. Zimitsani kompyuta msanga, mupite nayo kwa mmisiri.