Mmene Anthu Anayezera Kulemera kwa Mlalang'amba

Palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene anaikapo nyenyezi pa sikelo, ndipo palibenso amene adzatero. Komabe mwa ntchito zonse za akatswiri a zakuthambo, imene ine ndimaiona yolemekezeka koposa ndiyo yoyeza kulemera kwa mlalang'amba, chikhamu chija cha nyenyezi chimene chimayera pathambo usiku wopanda mwezi. Maziko ake anawaika Isaac Newton mu 1687, pophunzitsa kuti chinthu chilichonse chimakoka chinzake molingana ndi kulemera kwake. Monga mwala wa pa gulaye, umene ukamazunguzidwa mwamphamvu umafuna chingwe cholimba kuti usathawe, momwemonso nyenyezi yaliwiro imene ikhalabe pakati pa zinzake osasochera imaulula kukula kwa mphamvu imene yaigwira. Ndipo wodziwa mphamvuyo wadziwa kuchuluka kwa zinthu zoikoka, zowala ndi zosawala zomwe.

Luso limeneli linakulira ku Netherlands, dziko la mitambo ndi nkhungu, kumene munthu sakanayembekeza kuti nyenyezi zingapezeko atumiki otere. Jacobus Kapteyn, atalandira udindo wophunzitsa za nyenyezi pa yunivesite ya Groningen mu 1878, anapeza kuti malo oonera zakuthambo kunalibe. Koma m'malo mogwira njakata, anadzipereka kwa David Gill wa ku Cape Town, amene anali kujambula thambo la kum'mwera pa magalasi koma anasowa manja owerengera zimene anajambulazo. Magalasiwo anaoloka nyanja, ndipo Kapteyn anakhala nawo zaka zoposa khumi, akuyeza kadontho ndi kadontho, kufikira pakati pa 1896 ndi 1900 panatuluka mabuku atatu osonyeza malo a nyenyezi zoposa 450,000. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa munthu wina amene mwambiwu unamuyenera kuposa iyeyu. Mu 1922, chaka chimene anatsikira kuli chete, anafalitsa kuyesa kwake koyamba kowerengera kulemera kwa mlalang'amba wathu kuchokera ku mayendedwe a nyenyezi, natchulamo zinthu zakuda zimene maso sangazione, ngakhale anaganiza kuti sizinali zochuluka. Anaphonya poika dzuwa pafupi ndi pakati, pakuti fumbi la m'mlengalenga linam'bisira nyenyezi zakutali. Koma njira anali atailambula.

Wophunzira wake, Jan Oort, amene anakhazikika ku Leiden, anatsimikiza mu 1927 ganizo la Bertil Lindblad wa ku Sweden lakuti mlalang'amba wonse umazungulira. Mu 1932 anachita chinthu chanzeru koposa: anapenya nyenyezi zoyandikana ndi dzuwa, zimene poyenda ulendo wawo wozungulira zimakweranso ndi kutsika, kutuluka pamwamba pa chimbale cha mlalang'amba ndi kubwezedwanso ndi mphamvu yake, ndipo poyerekeza liwiro lawo ndi msinkhu umene zimafika zisanabwerere, anawerengera kuti zokoka zinali zambiri kuposa nyenyezi zooneka. Oyeza a pambuyo pake anachepetsa chiwerengero chakecho, koma njira yake akuitsatabe. Chaka chotsatira Fritz Zwicky, ali ku California, anapeza kusowa kokulirapo m'gulu la milalang'amba la Coma, koma mawu ake anagwera m'makutu ogontha.

Ngakhale m'masiku a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dziko la Netherlands lili m'manja mwa Ajeremani, ntchito siinaime. Mu 1944 mnyamata wotchedwa Hendrik van de Hulst, atalimbikitsidwa ndi Oort, ananeneratu kuti mpweya wa haidrojeni umatulutsa mafunde a wailesi otalika masentimita 21, amene fumbi silingawatchinge. Mafundewo anamveka koyamba ku yunivesite ya Harvard mu 1951, ndipo kuyambira pamenepo kunatheka kuyeza liwiro kutali kwambiri, kumene kuwala kwa nyenyezi kwatha kale.

Pozungulira dzuwa, dziko lathu limayenda makilomita pafupifupi 30 pa sekondi, pamene pulaneti la Neptune, pokhala kutali, amangoyenda pafupifupi 5. Chotero onse anayembekeza kuti m'mphepete mwa mlalang'amba namonso liwiro lidzatsika. Koma Vera Rubin ndi Kent Ford, amene anayamba ndi mlalang'amba wa Andromeda mu 1970, pamodzi ndi Albert Bosma, amene anayeza milalang'amba 25 ndi mafunde a wailesi ku Groningen komweko mu 1978, anapeza kuti silitsika ayi. Dzina la Mayi Rubin latchuka, ndipo n'koyenera kutero, koma kumandiwawa mtima kuti la Bosma silimveka kawirikawiri.

Poona zimenezi, ambiri anavomereza kuti mlalang'amba uliwonse wakutidwa ndi zinthu zosaoneka zolemera kuposa nyenyezi zake zonse. Mordehai Milgrom wa ku Israel anakana mu 1983, nati lamulo la Newton ndilo lifunika kukonzedwa kumene mphamvu yokoka yafooka kwambiri. Omutsatira ndi ochepa, koma mlanduwo sunagamulidwe kotheratu, ndipo mbali zonse ziwiri tsopano zikufukula umboni m'miyeso ya chombo cha Gaia, chimene chinaponyedwa m'mlengalenga mu 2013 n'kuyeza malo ndi mayendedwe a nyenyezi zoposa biliyoni imodzi.