Mipikisano ya m'fumbi: ku Grenoble ndi ku Mgona

Mpikisano woyamba wapadziko lonse wa timagalimoto ta rimoti toyendera nitro m'fumbi unachitika mu 1986 ku Grenoble, ku France. Mafuta ake ndi methanol wosakaniza ndi nitromethane, ndipo luso lagona pa kasingano ka kabyuleta: ukachepetsa mafuta injini imatentha, ukachulutsa imatsamwa.

Ife ku Mgona rimoti tinalibe, koma mdani anali yemweyo: mabampu. Tinkapota waya kukhala masipuling'i, mateyala n'kudula ku mapatapata akutha. Ikakhala yofewetsa, galimoto inkakhula pansi.

Mu 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa buku la ana, Galimoto, la mnyamata wosakasaka waya. Kusakako analondola. Koma ine ndimati waya aliyense ankatola. Chovuta chinali kutchuna.