Mmene Nyasaland idatulukira m'Chitaganya

Ganizo lophatikiza Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland lidayamba kalekale chisanafike chaka cha 1953. Azungu a ku Salisbury, likulu la Southern Rhodesia, adalikonda kwambiri mkuwa utapezeka wochuluka kumpoto kwa Zambezi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Iwo adali ndi minda ya fodya ndi mafakitale, anzawo a kumpoto adali ndi migodi, ndipo Nyasaland, dziko laling'ono koma lodzaza anthu, idali kochokera antchito. Mu 1938 boma la Britain lidatumiza Lord Bledisloe kudzafufuza, ndipo lipoti lake la 1939 lidanena poyera kuti anthu akuda a maiko awiri akumpotowa sakufuna kumangidwa pamodzi ndi Southern Rhodesia.

Makolo athu ankakana chinthu chomwe adachiona ndi maso awo. Amuna ambirimbiri a kuno ankagwira ntchito m'minda, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu kumeneko. Mtchona akabwera kumudzi ndi sutikesi ndi njinga, ankabweranso ndi nkhani: zoyenda ndi chitupa m'thumba, zogulira zinthu pawindo pamene mzungu akulowera pakhomo, komanso za lamulo la malo la 1930 lomwe lidapereka pafupifupi theka la dzikolo kwa azungu ochepa. Anthu omwe ankavutika kale ndi thangata ku Thyolo ndi ku Mulanje sadafunike wina wowamasulira kuti zimenezi zikutanthauza chiyani.

Nkhondo yachiwiri itatha, atsogoleri a azungu, Godfrey Huggins wa ku Southern Rhodesia ndi Roy Welensky wa ku Northern Rhodesia, adaidzutsanso nkhani yophatikiza maikoyi. Kwenikweni iwo ankafuna ma Rhodesia awiriwo. Britain ndiye idaumirira kuti Nyasaland ilowemo, pofuna kuti chuma cha mkuwa chithandize kusenza dziko losaukali. Chipani cha Nyasaland African Congress, chomwe chidabadwa mu 1944, chidakana. Dr Hastings Banda ndi Harry Nkumbula wa ku Northern Rhodesia adalemba chikalata chotsutsa ali ku London. Mafumu adapita ku Britain kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sadaloledwe kuonana nayo. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu idauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma, ndipo idachotsedwa pampando ili yodwala, nkumwalira mu 1954. Voti yofunsa maganizo a anthu idachitika ku Southern Rhodesia kokha mu April 1953, ndipo pafupifupi onse ovota adali azungu. Pa 1 August 1953 Chitaganya chidakhazikitsidwa.

Eni ake ankati ndi ubale wa mitundu, koma Huggins mwini adaufanizira ubalewo ndi wa munthu wokwera kavalo ndi kavalo wake. Mwa aphungu 35 a nyumba ya malamulo yoyamba ku Salisbury, akuda adali 6 okha, awiri kuchokera dziko lililonse.

Apa tiyenera kunena chilungamo: ndalama za Chitaganya zidafika ndithu ku Nyasaland. Misewu ina idakonzedwa, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegulidwa m'nyengo imeneyi. Oteteza Chitaganya ankabwerezabwereza kuti dziko lino silingaime palokha, ndipo powerengetsa ndalama zokha sankanama. Koma zazikulu zonse zinkapita kummwera. Mafakitale adamera ku Salisbury ndi ku Bulawayo, yunivesite idamangidwa ku Salisbury, ndipo damu la magetsi lidamangidwa ku Kariba, anthu a mtundu wa Atonga pafupifupi 57,000 atasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi. Chikonzero chachikulu chotukula chigwa cha Shire chidangotsala papepala. Nyasaland idapitiriza kutumiza ana ake kunja, nkumagula katundu wopangidwa ndi manja a ana omwewo.

Zinthu zidatembenuka pomwe achinyamata monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza adatenga mphamvu mu Congress ndi kuitana Dr Banda. Iye adatera pa Chileka pa 6 July 1958, ndipo m'misonkhano yake mfuwu udali umodzi: Kwacha, Chitaganya chithe. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pachiopsezo. Asilikali, ena ochokera ku Southern Rhodesia, adagwira atsogoleri usiku m'nyumba zawo. Banda adamutengera kundende ya ku Gwelo, ena ambiri adatsekeredwa ku Kanjedza ku Limbe, ndipo omangidwa onse adaposa 1,000. Ku Nkhata Bay anthu adakhamukira kudoko atamva kuti abale awo awakweza m'sitima ya Mpasa. Adalibe mfuti. Asilikali adawombera, ndipo anthu osachepera 20 adafa tsiku lomwelo. Dziko lonse, akufa adaposa 50.

Ine ndimaona kuti Chitaganya chidafera pa dokolo, ngakhale chidakhalapobe zaka zina zoposa zinayi. Woweruza Patrick Devlin, yemwe Britain idamutuma kudzafufuza, adapeza kuti nkhani yoti Congress idakonza zopha azungu idakokomezedwa, ndipo adati Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Kuchokera apo zinthu zidathamanga. Orton Chirwa adayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, Banda adatulutsidwa pa 1 April 1960, ndipo bungwe la Monckton chaka chomwecho lidati maiko apatsidwe mwayi wotuluka, zomwe zidamupsetsa mtima Welensky. Pachisankho cha August 1961 MCP idapambana kotheratu. Mu December 1962 nduna ya Britain, R. A. Butler, idalengeza kuti Nyasaland ikhoza kutuluka. Northern Rhodesia idatsatira mu March 1963, ndipo mkuwa utachoka panalibenso chogwirizira. Chitaganya chidatha pa 31 December 1963.

Kugawana katundu kudachitikira ku Victoria Falls pakati pa chaka cha 1963, ndipo ndi pomwe padaonekera kuti kutuluka kuli ndi mtengo wake. Ndege zankhondo ndi zida zambiri zidapita ku Southern Rhodesia, ndipo zidathandiza Ian Smith, mtsogoleri wa boma la kumeneko, kudzilengezera ufulu wa azungu pa 11 November 1965. Malawi idalandira ufulu pa 6 July 1964 thumba lili lopepuka, moti kwa zaka zingapo Britain inkathira ndalama m'bajeti. Pofuna kutseka mipata, boma lidaika tiki yolipira kuchipatala ndi kulandira lipoti la Skinner la malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndipo ziwirizi zidali m'gulu la zomwe nduna zidakanganirana ndi Banda mu 1964. Omwe adamenyera limodzi kutuluka m'Chitaganya adabalalika pasanathe miyezi itatu chilandirireni ufulu.

Zina zidatenga nthawi kuti zimasuke. Kampani ya ndege ya Central African Airways idakhalapo mpaka 1967, magetsi a pa Nkula adayaka mu 1966, ndipo kwacha idalowa m'malo mwa paundi mu 1971. Amuna adapitiriza kuwoloka Zambezi kukasaka ntchito, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'mafamu ndi m'midzi ya migodi ku Zimbabwe, zina zikuyankhulabe Chichewa.

Alipo omwe amati tikadakhalamo bwenzi tili olemera. Sindivomereza. Nkhondo yomwe idadya anthu zikwizikwi ku Rhodesia mpaka 1979 idali yolimbana ndi ulamuliro womwewo umene ukadatigwira ifenso, ndipo makolo athu adauona msanga. Adachita bwino kutuluka.