Tanthauzo la mawu oti bilu ya madzi

Mawu oti bilu, amene analowa m'Chichewa kuchokera ku Chingerezi, amatanthauza chikalata chosonyeza ndalama zoyenera kulipidwa pa madzi amene nyumba yagwiritsa ntchito pa mwezi, ngakhale kuti pakamwa pa anthu amaimiranso ngongole yeniyeniyo, monga ponena kuti bilu yakwera. Pa boma la Dedza bilu imachokera ku Central Region Water Board, limodzi mwa mabungwe asanu ogawa madzi amene amatsata lamulo la mu 1995, ndipo imawerengedwa potengera mita, kachipangizo kokhala pa paipi kamene manambala ake amayenda madzi akamadutsa. Muyeso wake ndi kiyubiki mita, kutanthauza malita 1,000, amene ndi ndowa 50 za malita 20.

Munthu wokhala yekha amapsinjika makamaka pa nyumba za lendi zimene mabanja angapo amatunga pa mpope umodzi, chifukwa bilu ikagawidwa potsata makomo m'malo mowerenga anthu, mphunzitsi wosakwatira amene amachapa kamodzi pa sabata amalipira mofanana ndi banja la ana asanu, zimene si chilungamo. Mpope wodontha usiku wonse umakwezanso manambala, mwini wake ali m'tulo.

Zonyansa za m'chimbudzi sizilowa mu bilu imeneyi kwa anthu ambiri a ku Dedza, popeza nyumba zawo zimadalira zimbudzi zokumba kapena matanki apansi, amene akadzaza amapopedwa ndi galimoto yolipidwa padera.