Mzikiti wa Auwal ku Cape Town

Mzikiti wa Auwal uli mumsewu wa Dorp, m'dera la Bo-Kaap ku Cape Town. Unakhazikitsidwa mu 1794, ndipo ndiwo mzikiti woyamba m'dziko la South Africa.

Imamu wake woyamba anali Abdullah ibn Qadi Abdus Salaam, odziwika kuti Tuan Guru, ochokera kuchilumba cha Tidore ku Indonesia. Adatchi anawagwira n'kukawatsekera pachilumba cha Robben mu 1780. Ali m'ndendemo analemba Qur'an yonse pamanja kuchokera pamtima. Atatuluka anatsegula madrasa mu 1793, momwe ankaphunzitsa ngakhale akapolo. Imodzi mwa Qur'an zomwe analemba ikusungidwa mumzikitimu, ndipo manda awo ali chapafupi, ku Tana Baru.

Abale athu ambiri ochokera ku Mangochi, ku Salima ndi kuno ku Phalombe amagwira ntchito ku Cape Town. Tikuwalangiza kuti akapeza mpata akaswali mumzikitimu, akaione Qur'aniyo, ndipo kumandako akapereke salamu ndi kuwachitira dua omwe anatsogola. Pobwera kumudzi adzawauze ana athu a ku madrasa kuti munthu akailoweza Qur'an, ngakhale ndende singamulande.